Debian, GNOME ndi LibreOffice pa makompyuta akale a m'shopu yanga ku Ulóngue

Ndili ndi kashopu kolembera makalata ndi kupanga fotokope kufupi ndi msika wa ku Vila Ulóngue, m'boma la Angónia, ndipo ntchito yanga amaidziwa bwino aliyense amene anafunapo kanthu ku ofesi ya boma: kulemba requerimento (kalata yopempha kanthu ku ofesi), kukonza curriculum ya wofuna ntchito, kutayipa mayeso a aphunzitsi, kusindikiza makalata oitanira anthu ku ukwati, ndiponso kujambula BI (chiphaso cha nzika) ndi NUIT (nambala ya msonkho). Makompyuta ndili nawo anayi, onse ogula kwa anthu amene anawagwiritsa kale ntchito, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe inali yoyenera Windows 11, popeza Windows imeneyi imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopano ndithu. Pa 14 Okutobala 2025 Windows 10 inafika kumapeto kwa nthawi yake yolandira zigamba zachitetezo zaulere, choncho ndinayenera kusankha pakati pa kugula makina ena, zomwe thumba langa silikanatha, kupitiriza ndi makina osatetezedwa, kapena kuyesa njira ina. Ndinasankha njira inayo mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo zomwe ndikulemba pano ndi zimene ndaona ndi maso anga pa makompyuta atatu mwa anayiwo.

Chomwe ndinaikamo ndi Debian 13, mtundu wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) umene unatuluka mu Ogasiti 2025. Nkhope yake, kutanthauza zonse zimene munthu amaona ndi kudina pa sikirini, ndi GNOME 48, ndipo polembera makalata, kuwerengera ndalama ndi kukonzera zoonetsa pali LibreOffice. Zonsezi ndi zomwe pa Chipwitikizi amati software livre: mapulogalamu amene malangizo ake a m'kati ndi oonekera kwa aliyense, ndipo lamulo limalola kuwakopera, kuwasintha ndi kugawira anzako popanda kulipira laisensi. Ndiyenera kunena zoona kuti izi zinandichotsera katundu wina pamtima, chifukwa mapulogalamu amene ndinkagwiritsa ntchito kale anabwera ali m'makinamo ndipo analibe pepala lililonse losonyeza kuti anagulidwa, monga zilili m'mashopu ambiri a mtundu wanga kuchokera kuno mpaka ku Zóbuè.

Anthu akamva kuti chinthu ndi chaulere amaganiza kuti palibe amene analipira, koma si choncho. GNOME inayambitsidwa mu 1997 ndi anthu awiri a ku Mexico, Miguel de Icaza ndi Federico Mena, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikukula ndi manja a anthu odzipereka pamodzi ndi antchito a makampani ena. Mu Novembala 2023 thumba la boma la Germany lotchedwa Sovereign Tech Fund, lomwe linakhazikitsidwa mu 2022, linapereka mayuro 1 miliyoni ku ntchito ya GNOME. Ndalamazo sizinali zokongoletsera zithunzi za pa sikirini ayi, koma zinapita ku zinthu za pansi zomwe wogula saziona: kuthandiza anthu osaona ndi olumala kuti azitha kugwiritsa ntchito kompyuta, kuteteza mafayilo a munthu aliyense payekha, kusunga bwino mawu achinsinsi, kuwonjezera zipangizo zimene makinawa angagwire nazo ntchito, ndi kukonza njira zoyesera pulogalamu isanatulutsidwe. Boma la Germany linaona kuti mapulogalamu oterewa ali ngati misewu ndi milatho, popeza mabanki, zipatala ndi maofesi amadutsapo tsiku lililonse pomwe owasamalira ndi anthu ochepa, ena osalipidwa n'komwe. Vuto la Log4j la mu Disembala 2021, pamene kachidutswa kamodzi ka pulogalamu ka dzina limeneli, kosamalidwa ndi anthu odzipereka, kanaika pangozi makompyuta ambiri pa dziko lonse lapansi, linasonyeza poyera kuopsa kwa kusiya zinthu zotere popanda wozithandiza. Motero ndikayatsa makina anga m'mawa, ndimadziwa kuti mbali ina ya zimene ndikugwiritsa ntchito inalipiridwa ndi msonkho wa munthu wa ku Hamburg kapena ku Leipzig amene sanamvepo dzina la Angónia, ndipo ndimamuthokoza moona mtima.

Kuika Debian sikunandivute monga ndinkaopera. Ndinapempha mnzanga wa mumzinda wa Tete, amene ali ndi intaneti yokhazikika, kuti anditsitsire fayilo yaikulu yoikira, ija yokhala ndi mapulogalamu ambiri m'kati mwake, ndipo inafika pa fulashi kudzera pa chapa (minibasi). Ndi fulashi imodziyo ndinakonza makompyuta atatu osawononga mamega anga. Chilankhulo ndinasankha Chipwitikizi cha ku Portugal, kiyibodi ndinasankha ya Chipwitikizi, ndipo mawu, sikirini ndi Wi-Fi zinagwira ntchito nthawi yomweyo popanda kusakasaka ma driver, timapulogalamu tothandiza kompyuta kugwira ntchito ndi chipangizo chilichonse. Pa makina awiri okhala ndi memori ya 8 GB GNOME imathamanga bwino kwambiri. Pa kompyuta yachitatu, ya 4 GB yokhala ndi disiki yakale yozungulira, inkalemera munthu akatsegula Firefox ndi LibreOffice pamodzi, choncho pamenepo ndinaikapo Xfce, nkhope ina yopepuka imene imapezeka mu Debian momwemo, ndipo makinawo anapuma. Amene ali ndi kompyuta yofooka ayambire pa Xfce kuti asataye nthawi.

Phindu loyamba lomwe ndinaliona, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, ndi la mafulashi a makasitomala. Aliyense amene anagwirapo ntchito m'shopu ya fotokope amaidziwa vairasi ija imene imabisa mafayilo n'kusiya timivi tonyenga m'malo mwake. Tsiku lina mayi wina wophunzira za ulimi anabwera nkhope ili yakugwa, atanyamula fulashi yomwe munali ntchito yake yomalizira maphunziro, ndipo anati, "Achimwene, konse komwe ndapita akundiuza kuti zonse zafufutika, tandiyeserani inu." Nditailowetsa pa makina a Debian, mafoda ake onse anaonekera pomwepo, ndipo pambali pake panali timafayilo tachilendo ta vairasiyo, tili duu osatha kuchita kanthu chifukwa tinalembedwera Windows. Ndinakopera ntchito yakeyo, ndinatsuka fulashiyo, n'kumubwezera zonse zili bwino. Iye anangoti, "Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni," misozi ili m'maso. Kale ndinkataya masiku angapo pa chaka ndikufufuta ndi kuikanso makina odwala, koma kuyambira Seputembala sindinachitepo zimenezo pa makompyuta atatuwa. Chenjezo ndi lakuti Linux siipha vairasi ya Windows, imangokhala osagwidwa nayo, motero ukakopera foda yonse mosayang'ana ungathe kuipatsira kwa munthu wina.

Nkhope ya GNOME inawasokoneza anyamata awiri amene amandithandiza, makamaka sabata yoyamba. Pansi palibe mzere wa mapulogalamu otseguka monga anazolowera, pa sikirini sipakhala mafayilo omwazika, ndipo batani lochepetsera windo silioneka pokhapokha munthu ataliyatsa yekha. Atazindikira kuti kungodina kiyi ya Super, ija yokhala ndi chizindikiro cha Windows, n'kulemba zilembo ziwiri kapena zitatu za chomwe akufuna kumatsegula chilichonse, anasiya kudandaula, ndipo lero amafulumira kuposa ine. Makasitomala amene amalipira kuti akhale pa kompyuta okha, makamaka achinyamata ozolowera foni, savutika kwenikweni. Amene amavutika ndi akuluakulu omwe anachita kosi ya informática kalekale, popeza iwo anaphunzira malo a batani lililonse pamtima.

Za LibreOffice ndiyenera kulankhula mosamala, chifukwa ndi pamene pali mpunga wanga. Pulogalamuyi inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice.org, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la The Document Foundation la ku Berlin. Pa requerimento, declaração (kalata ya umboni), mayeso ndi makalata wamba, Writer, mbali yake yolembera, imachita zonse zimene ndimafuna, ndipo batani losandutsira chikalata kukhala PDF lili pamwamba penipeni. Mafayilo a docx, a Microsoft Word, amatseguka bwino nthawi zambiri. Vuto limabuka pa zilembo: munthu akabweretsa chikalata cholembedwa ndi Calibri, mizere imasuntha ndipo tsamba limodzi likhoza kusanduka awiri. Mankhwala ake ndi kuika zilembo zotchedwa Carlito, zomwe zimatenga malo ofanana ndi Calibri, ndi Caladea m'malo mwa Cambria, pomwe Liberation Serif ndi Liberation Sans zimalowa m'malo mwa Times New Roman ndi Arial. Nditachita zimenezi madandaulo anachepa kwambiri, ngakhale kuti zikalata zodzaza ndi mabokosi a mawu ndi zithunzi zosanjikizana zimafunabe kuziyang'anitsitsa munthu asanasindikize. Ma pauta (mapepala a malikisi) a aphunzitsi opangidwa mu Excel amatseguka mu Calc, mbali yake yowerengera, ndipo masamu ake amatuluka olondola, kupatula okhawo amene ali ndi ma macro (timapulogalamu toikidwa m'kati mwa fayilo) ovuta. Chinthu china chimene chinandidabwitsa ndi dikishonale ya Chipwitikizi: inkaika mzere wofiira pansi pa mawu monga acção, director ndi projecto, chifukwa imatsata kalembedwe katsopano ka pangano la 1990 la maiko olankhula Chipwitikizi, pamene maofesi ndi masukulu a kuno ku Mozambique akulembabe mwakale. Dikishonale ya kalembedwe kakale ilipo ndipo ndinaiika, koma munthu wosadziwa angaganize kuti iye ndiye akulakwitsa n'kuyamba kukonza zomwe zinali bwino.

Pa makina osindikizira ndi pamene ndinatuluka thukuta. Impressora yanga yatsopano, imene imalumikizidwa pa netiweki, inaonekera yokha osaikamo kanthu, chifukwa makina a masiku ano ambiri amalankhula chilankhulo chimodzi chimene Linux imamva. Koma fotokopiyadora yakale, yomwe ndi ng'ombe yanga yapangolo, imasindikiza kuchokera ku Debian koma mbali yake ya sikana inakana, popeza amene anaipanga sanatulutse driver ya Linux. Ichi ndi chifukwa chake kompyuta yachinayi ikadali ndi Windows, ndipo ndinaichotsa pa intaneti kuti izigwira ntchito ya sikana yokha. Amene akuganiza zosamuka ayambe wayesa makina ake onse osindikizira pogwiritsa ntchito fulashi ya mtundu wina imene imayatsa Linux popanda kufufuta kanthu.

Komwe ndinaona ndalama za boma zija zikugwira ntchito pamaso panga ndi pa mphunzitsi wina wosaona amene amabwera kudzatayipitsa zolemba zake. Kale ankakhala pampando n'kumanena, ine n'kumalemba, ndipo akafuna kutsimikiza ankandipempha kuti ndimuwerengere. Tsiku lina ndinati, "Aphunzitsi, bwanji lero muyese nokha, makinawa amatha kulankhula." Ndinadina Super, Alt ndi S pamodzi, ndipo Orca, pulogalamu yowerengera osaona zomwe zili pa sikirini, inayamba kutchula chilichonse m'Chipwitikizi. Ndinaika manja awo pa kiyibodi, zala zolozera pa F ndi J pomwe pali timizere totukuka, ndipo popeza anaphunzirapo kutayipa kale, sipanapite nthawi asanalembe dzina la sukulu ndi tsiku, makina akubwereza chilembo chilichonse. Anakhala chete kanthawi kenaka anati, "Mwananga, ndiye kuti chikalata changa ndingathe kuchimva ndekha musanachisindikize." Orca imabwera pamodzi ndi GNOME popanda kulipira kanthu, ndipo ntchito yothandiza osaona inali pamwamba pa mndandanda wa zimene ndalama za ku Germany zinalipirira. Kampani yofuna phindu siithamangira ntchito yotere chifukwa ogula ake ndi ochepa, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti msonkho uli ndi malo ake enieni.

Koma tsiku lomwelo linandionetsanso malire a mphatso imeneyi. Aphunzitsiwo amaphunzitsa kalasi ya zilankhulo ziwiri, choncho zolemba zawo zambiri ndi za m'Chinyanja. Orca itayamba kuwerenga Chinyanja ndi liwu la Chipwitikizi, mawu ake anali osamveka konse: "ch" inkatuluka ngati "sh", ndipo mawu monga ng'ombe ndi mphunzitsi ankaphwanyika pakati. Ndinafufuza pa mndandanda wa mawu a eSpeak NG, makina amene amatulutsa liwulo, ndipo Chinyanja sindinachipeze. Ndinayesa liwu la Chiswahili, lomwe lilipo, ndipo linayandikirako moti aphunzitsiwo ankatha kutsata, ngakhale linkamveka ngati mlendo amene wangofika kumene kuchokera ku Tanzania. Pa mndandanda wa zilankhulo za mawu a pa sikirini a GNOME ndi LibreOffice pa makina anga ndinaonapo Chipwitikizi cha ku Portugal ndi cha ku Brazil, koma chilankhulo chathu, chomwe chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri ku Malawi, ku Zambia ndi kuno, panalibe. Chokhacho chimene chinandisangalatsa ndi chakuti chilembo ŵ chimalembeka mosavuta pa kiyibodi ya Chipwitikizi, pongodina kadenga kaja n'kutsatiza w.

Malire ena ndi a mamega. GNOME ili ndi malo osonyezera kuti intaneti yako ndi yogula pang'onopang'ono, ndipo ukayatsa pamenepo makina amasiya kutsitsa okha zinthu zatsopano, zomwe ndi nzeru yabwino. Komabe njira yatsopano yopezera mapulogalamu, yotchedwa Flatpak, imafuna kutsitsa maziko a mamega mazanamazana ngakhale pulogalamu imene ukufuna ili yaing'ono, ndipo zikuoneka kuti inakonzedwa poganizira munthu amene intaneti yake siitha. Ine ndinaisiya n'kumagwiritsa ntchito mapulogalamu a mu Debian momwemo, ndipo zigamba ndimatsitsa usiku pamene bandulo imatsika mtengo. Sindikuwaimba mlandu amene anapanga zimenezi. Wolipira ndiye amasankha ntchito yoyamba kugwiridwa, ndipo boma la Germany silingaike Chinyanja kapena mtengo wa mamega a ku Tsangano patsogolo pa zosowa za anthu ake.

Nkhani imeneyi imandikumbutsa mijigo ya m'midzi yathu. Wina amabwera kudzakumba, madzi n'kutuluka, anthu n'kusangalala, koma ngati palibe komiti yosonkha kangachepe kogulira zitsulo zikatha, pakapita zaka zingapo amayi amabwerera kudambo. Ndalama za Sovereign Tech Fund zinali za ntchito zotchulidwa ndiponso za nthawi yoikika, osati zoyendetsera bungwe mpaka kalekale, ndipo mu 2024 GNOME Foundation, bungwe loyang'anira GNOME, inachepetsa antchito ake chifukwa cha kuperewera kwa ndalama. Maboma nawonso amasintha maganizo. Mzinda wa Munich ku Germany unasamutsa makompyuta pafupifupi 15,000 kupita ku Linux pa ntchito yotchedwa LiMux, koma mu 2017 khonsolo inavota kuti ibwerere ku Windows. Mbali inayi, chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany komweko chinalengeza mu 2024 kuti chikusamutsa makompyuta pafupifupi 30,000 a m'maofesi ake kupita ku LibreOffice kenaka ku Linux, apolisi a gendarmerie ku France akhala pa Linux kwa zaka zambiri, ndipo ku Kerala m'dziko la India masukulu a boma amaphunzitsira ana pa software livre. Ubwino wake ndi wakuti boma limodzi likalipirira kukonza LibreOffice kuti izitsegula bwino docx, kukonzako kumafika kwa aliyense, ngakhale kwa ine kuno, ndipo boma lija likasiya, zomwe zinalembedwa kale sizilandidwa.

Maganizo anga ndi akuti ifenso tiyenera kuponyamo lathu, ndipo zimene tikufuna si za mayuro miliyoni. Mozambique ili ndi thumba la FSAU, loyang'aniridwa ndi INCM (bungwe loona za mafoni ndi mauthenga), lomwe cholinga chake ndi kufikitsa mauthenga kumadera akutali, ndipo ili ndi mabungwe a boma monga INTIC oona za luso la makompyuta. Chigawo chathu cha Tete ndi chimene chinayesera Chinyanja m'kalasi pa ntchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, maphunziro a zilankhulo ziwiri asanafalikire m'dziko muno, choncho aphunzitsi odziwa kulemba chilankhulochi alipo. Gulu laling'ono la anthu otere, pamodzi ndi achinyamata ophunzira za makompyuta ku Tete, litalipidwa kwa chaka chimodzi kapena ziwiri likhoza kumasulira mawu a pa sikirini, kukonza dikishonale yoyang'anira kalembedwe, ndi kulemba malamulo a katchulidwe kuti eSpeak NG iziwerenga Chinyanja. Popeza khodi, malangizo a m'kati aja, ndi yotseguka, palibe amene tingamupemphe chilolezo, ndipo ntchitoyo ikachitika kamodzi idzathandiza wa ku Dedza ndi wa ku Chipata mofanana ndi wa ku Furancungo. Bungwe la Free Software Foundation Europe lakhala likunena kuyambira 2017 kuti pulogalamu yolipiridwa ndi ndalama za anthu iyenera kukhala ya anthu, ndipo sindikuona chifukwa chimene mfundo imeneyi ingalephere kugwira ntchito kwathu kuno, komwe metikali iliyonse yopita ku laisensi imatuluka m'dziko osabwereranso.

Kwa mwini shopu ngati ine, kwa sekretariya ya sukulu, kwa parishi kapena mpingo, ndi kwa gulu la alimi a mbatata ya kachewere lofuna kusunga kaundula wa mamembala ndi ngongole, Debian yokhala ndi GNOME kapena Xfce pamodzi ndi LibreOffice ndikuivomereza ndi mtima wonse, malinga ngati pali munthu mmodzi woleza mtima amene angapirire masabata awiri oyamba ndi kuphunzitsa anzake. Kwa amene ntchito yake imadalira pulogalamu ya akawunti kapena yojambulira mapulani imene inalembedwera Windows yokha, asunge makina amodzi a Windows monga ndachitira ine, ena onsewo asamutse. Mafayilo ofunika asungidwe kaye pa disiki yapadera munthu asanayambe, chifukwa kuika Debian kungafufute zonse zomwe zili m'makina ngati wasankha molakwika. Aphunzitsi aja tsopano amabwera Lachitatu lililonse masana, amakhala pa kompyuta ya pakona atavala mahedifoni, ndipo amalemba okha mayeso a Chipwitikizi. A Chinyanja ndimawawerengerabe ine mokweza tisanasindikize.